Mapulagi a Chinangwa

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo musayembekezere kuti ndipepesa.

Galasilo linafika kwathu ku Bwacha pa wilibala, lalitali ngati chitseko, lolemera moti anyamata awiri anakhetsa nalo thukuta. Inali mphatso ya achemwali anga kuchokera kwa apongozi awo am'tsogolo, amene anati adzabwera Loweruka la sabata inayo kudzaliona lili pakhoma. Khoma lake la pabalaza, pomwe ine ndimadyera. Galasi likadali pansi, achemwali anayamba kale kufinyira ziphuphu patsogolo pake, mafinya n'kumathovokera pagalasipo ine mbale ili m'manja. Nseru yake sindidzaiwala.

Atate anapuma ntchito ku njanji, ndipo sikulu saiona ngati kanthu kamasewera. Anandituma kuhadiweya m'tauni kawiri kukagula masikulu, misomali yamazinga yopachikira galasilo.

"Izi n'zopachikira kalendala, iwe," anatero ulendo woyamba. "Khoma la mabuloko limafuna zazitali, zonenepa."

Ulendo wachiwiri ndinabwera ndi zoyenera, wogulitsa ataonjezerapo mapulagi apulasitiki, timachubu tolowetsa m'bowo kuti sikulu igwire.

"Pulasitiki? M'nyumba mwanga?"

Iwo mapulagi amasema okha. Anasema anayi a mtengo wa mukwa, n'kuwasiya pawindo, n'kupita kukabwereka chiboolero kwa aneba. Ine ndinalowa m'khichini, ndinatenga chinangwa chouma, ndinasema anga anayi, n'kuwapaka polishi wofiira wapansi, n'kuwasinthanitsa ndi a pawindo aja. Atate ali kalikiliki ndi tepi yoyezera, anandipatsa hamala kuti ndikhome mapulagiwo. Ndinakhoma mwaulemu kwambiri. Masikulu anawapaka sopo monga mwa chizolowezi chawo, ndipo analowa osavuta.

"Waona sopo? Izi kusukulu kwanu sakuphunzitsani."

Ine ndinkaganiza kuti galasi lipendekeka tsiku lomwelo, alichotse, nkhani ithe. Linakhala. Mvula inagwa sabata yonse, khoma linanyowa, pabalaza panayamba kafungo kowawasa. Amayi anakalipira nsapato zanga.

Loweruka apongozi aja anafika. Anaima pagalasi kukonza duku, n'kugwira felemu kuti aone ngati lalimba. Masikulu awiri apamwamba anasololoka. Atate analiwakha ndi phewa, koma ngodya inagunda pansi n'kung'aluka. Kuseri kwake kunali zimene mpaka lero zimandithawitsa njala: phala lakuda likuchucha m'mabowo, ndi mphemvu, zazikulu ndi ana omwe, zonenepa ndi chinangwa changa. Zinamwazika khoma lonse. Imodzi inakwera chitenje cha mlendo mpaka m'chiuno. Anaigwetsa ndi chala, n'kuyang'ana amayi.

"Asewele, mumaweta?"

Achemwali anathawira kuchipinda. Atate anatola sikulu imodzi, anainunkhiza, anafinya phalalo ndi zala, kenako anatembenukira kwa ine. Ndinali nditaluma kale kolala ya shati kuti ndisaseke.

Apongozi anakana tiyi. Anaitanitsa wilibala, nati galasi likadikira ukwati kunyumba kwawo, komwe kuli makoma aukhondo. Achemwali anandinyanyala mwezi wathunthu, ndipo ndinapuma.

Mlendo atangotuluka, ndinakolopa khoma, ndinatokosa mabowo ndi waya, ndinapha mphemvu ndi patapata mpaka dzanja kununkha. Kenako atate anathyola kamtengo ka pichesi: zikoti zinayi, chimodzi pa pulagi iliyonse. Ndinali nditavala makabudula awiri. Chachitatu ndinakuwako pang'ono kuti akulu asagwe ulesi.