Nthungululu za Jharna

Kwathu kuno ku Bengal ukwati suyamba popanda nthungululu za amayi, ndipo pa nthungululu panalibe wofanana ndi Jharna Haldar. Koma tsiku limene mwana wachisamba wa mnansi wake Basanti ankakwatiwa, Jharna anali m'nyumba, mazenera otseka, akulira. Sanamuitane.

Mlandu wake aliyense ankaudziwa. Jharna ndiye ankayenda khomo ndi khomo kutolera marupi a anthu m'malo mwa kampani ina yolonjeza phindu lonona. Kampaniyo itagwa, pamodzi ndi zinzake zambirimbiri, eni ake anathawa. Ndalama zimene Basanti ankasungira ukwatiwo zinalowa m'madzi. Za Jharna zinalowa momwemonso, koma ndani akanamumvera?

"Pakamwa pakopo m'pokoma pa nthungululu ndi pa bodza pomwe," anatero Basanti atakumana pa mjigo. "Usadzapondenso pakhomo panga."

Jharna anayamba kugulitsa tiyi pa siteshoni ya sitima. Ali pomwepo anamva pa wailesi kuti boma, litaona misozi ya anthu, lakhwimitsa malamulo: wotolera ndalama za anthu popanda chilolezo azimangidwa. Anamvanso kuti mabanki ovomerezeka akufuna anthu owaimirira m'midzi, koma okhoza mayeso.

Jharna, mayi wosiyira sukulu panjira, anakalemba mayesowo, nalephera. Anakalembanso, nalepheranso. Ife omwa tiyi wake tinkamuseleula, chifukwa tinkamukonda.

"Achemwali, tiyi wanuyu ali kale ndi digiri. Mayeso ndi achiyaninso?"

"Imwani muzipita, mukundisokoneza," ankatero, maso ali pabuku.

Kachitatu anakhoza. Anabwerera kumudzi ndi chilolezo cha banki ndi kamakina kodindapo chala. Miyezi inatha popanda wobwera, ndipo anthuwo sitingawanene, anali atapsa kale.

Apa ndi pamene Jharna anandigometsa. Wina akanayamba kulumbira kuti wasintha. Iye ayi.

"Musandikhulupirire," ankauza aliyense. "Kale munakhulupirira nkhope yangayi, mwaona zimene zinachitika. Werengani chilolezochi. Dindani chala. Ndalama zikalowa, banki ikutumizirani uthenga pafoni. Foni isanalire, ndigwireni nsalu, ndisachoke."

Anthu ankaseka, koma nsaluyo ankaigwiradi. Foni inkalira. Mmodzimmodzi anayamba kubwera.

Womalizira anali Basanti, atatenga zosungira ukwati wa Mithu, mwana wake wotsiriza. Sanapereke moni. Anadinda chala, n'kugwira nsalu ya Jharna zolimba ngati wagwira mbava.

"Yalira," anatero Jharna.

"Ndamva. Sindine gonthi ine."

Zaka zinapita, Basanti osamupatsabe moni. Tsiku la ukwati wa Mithu, Jharna anatsekanso mazenera kuti asamve chikondwerero. Posakhalitsa chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. Anali Basanti, thukuta lili kamukamu.

"Iwe, wakhalira chiyani muno? Amayi ajatu akungolira ngati mbuzi. Ndalama za mwana wanga unazisunga, ndiye ufuna akwatiwe mwa chinunu? Tiye ukatiyambitsire!"

Ndinalipo tsikulo. Nthungululu yoyamba inatuluka yosasa chifukwa cha misozi. Yachiwiri inamveka mpaka kusiteshoni, ndipo ine ndemwe, bambo wamkulu, ndinalira.

Inu amene dzina lanu lili m'matope lero, musalimbane ndi kulumbira. Gwirani ntchito yanu poyera, anthu aione okha. Osataya mtima: wokutsekerani chitseko lero akhoza kudzagogoda pa chanu mawa.