Mlandu wa Kachasu wa Amayi ku Chawama

Chaka chimene bambo anachotsedwa ntchito kufakitale, amayi anayamba kutcheza kachasu kuseri kwa nyumba yathu ku Chawama. Ufa unkasowa m'masitolo. Anthu ankayamba aima pamzere, kenako n'kufunsa chimene chikugulitsidwa kutsogolo.

Amayi anali a chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ovala bulauzi yoyera Lachinayi lililonse. Lamulo linali lodziwika: wachigwirizano akapezeka ndi mowa amabweza bulauzi kwa mayi busa ndipo sadya mgonero. Utsi wa kachasu subisika. Akulu ampingo anawaitana.

Ine ndinali nditangoyamba utolankhani, ndipo sindinkatha kukhala pansi. Ndinkakumbukira vesi lija lotiletsa kuweruza anzathu kuti nafenso tisaweruzidwe. Ndinakwera minibasi kupita ku Matero kwa mkulu wina amene anaphunzitsapo Chigiriki kusukulu ya ubusa. Ndinkafuna mawu otsekera akulu aja pakamwa.

Sanandipatse. Anati mawu a m'vesilo ndi krino, ndipo ndi otambalala: kulekanitsa, kusankha, kugamula mlandu, nthawi zina kutsutsa munthu. Pali achibale ake awiri. Anakrino ndi kufufuza, kufunsa bwinobwino. Katakrino ndi kugamula kuti munthu ndi wolakwa ndipo alangidwe.

"Manje mpingo ungaweruze olo iyayi?" ndinafunsa.

"Mwana wanga, ngakhale iwe uweruza tomato pamsika," anatero. "Koma bauze bayambe kufunsa."

Mlandu unakambidwa Loweruka m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Pamlandu wa mpingo mwana salankhula za kholo lake. Ndinakhala pabenchi mpaka abusa anandionera chisoni n'kundilola kulankhula. Ndinatchula mawu atatu aja mwadongosolo, ngati ndikuwerenga nkhani pawailesi.

Mkulu wina, wogulitsa makala ku Kanyama, anaseka. "Ba mtolankhani, mu Chigiriki kachasu bamaitana chani?"

Ena anaseka nawo. Abusa sanaseke. Anati kufunsa n'koyenera, ndipo anatembenukira kwa amayi.

"Amayi, ni zoona vamene tamvela?"

"Ni zoona, ba abusa. Nimaphika."

"Muzaleka?"

"Batate bake bakapeza nchito."

"Muziba kuti mukafa muli so, banzanu sibazavala yunifomu pamalilo panu?"

Amayi anayang'ana manja awo. "Niziba. Koma bana badya lelo."

Akulu anatitulutsa, n'kutsala akukambirana. Ndinazungulira tchalitchicho kangapo, ndikuponda madzi a m'ngalande osaona. Atatiitananso, abusa ananena chigamulo mwachidule. Amayi sanachotsedwe mumpingo, ndipo anawalola kumadyabe mgonero, chinthu chimene akuluwo anati sichinachitikepo. Bulauzi yokha anati ibwezedwe kufikira atasiya kutcheza.

Panjira ndinayamba kufotokoza kuti chimenechi sichinali katakrino kwenikweni. Amayi anandidula.

"Iwe, vakwana. Kabweleke nsimbi kwa ba neba."

Anaisita bulauziyo mosamala, kolala ndi manja omwe, n'kuikulunga m'chitenje. Anakana kuti ndiwaperekeze kwa mayi busa. Lachinayi lotsatira anzawo anadutsa pamsewu wathu akuimba, akupita kukaona wodwala. Amayi anafika mpaka pageti, n'kubwerera, n'kupitanso. Kenako anaima kuseri kwa mpanda wa malata, akutsatira nyimboyo chapansipansi mpaka inazimirira.