Masipanala a Bambo Laston

Munthu wa ku Dambe amene anamwapo madzi a pamjigo wa kuseri kwa tchalitchi asaname kuti a Laston Mbewe sawadziwa. Kuyambira 1995, chaka chimene mjigowo unakumbidwa, masipanala ake ankagona pansi pa bedi lawo. Sukulu analekezera Sitandade 4, koma mjigo ukangolira mwachilendo, ankadziwira kumunda komweko kuti labala yatha.

Ndiye mu 2003 kunabwera a Yohane, mkulu wa bungwe lina, pa njinga yamoto, kalata ya Chizungu ili m'manja. Anati komiti yatsopano ichita tekova mjigo. A Laston anafunsa kuti tekovayo n'chiyani pa Chichewa. A Yohane anati n'kuthandizana. Lachitatu atafunsidwa ndi amayi a m'mudzimo, anati n'kuyang'anira. Pamsonkhano wa Loweruka zinasanduka kulowa m'malo.

Liwu limodzi, mayankho atatu, pakamwa pomwepo! Munthu wopanda chobisa satero ayi. A Laston anapalasa njinga mpaka ku Guilleme, kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anali ndi dikishonale yothothoka chikuto. Mphunzitsiyo anawawerengera: kutenga udindo, kulandira ntchito, kugwira chiwongolero. Kenako, motsitsa mawu, kulanda.

A Laston anabwerera osalawa ngakhale madzi.

Tsiku lopereka zida anaima pamjigo, thumba la masipanala atalipanira m'khwapa, n'kuuza a Yohane kuti atchule pamaso pa anthu liwu limene ankalibisa lija. A Yohane anangoyamba kutembenuza mapepala. Anayankha ndi Eliza, wapampando wa komitiyo, mwana wa mlongo wa a Laston amene anamulera okha. Ali wamng'ono ndiye ankawanyamulira thumbalo pokakonza mjigo.

"Malume, liwu sankhani nokha limene likukomereni. Ife tikufuna masipanala. Munapita kumaliro ku Chipata, ife kuno sabata yonse kumwa za kudambo."

Zinali zoona, n'chifukwa chake zinawawa. Thumba analiponya pamapazi pake.

"Mulembe kuti mwalanda. Zinazo ayi."

Kuchokera tsiku limenelo m'mawa uliwonse amakhala pachitsa chapafupi, khutu lili kumjigo, kudikira kuti ulire molakwika. Papita zaka zitatu, sunalirebe. Eliza amaumasula n'kuumanga bwinobwino, ndipo a Laston sakuzimvetsa. Akuti alipo amene akumuphunzitsa mobisa, ndipo tsiku lina adzamugwira.