Masamba a Maliro pa Msewu wa Eni

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene amayi anasiya kufunsa za Mada. Poyamba ankafunsa m'mawa uliwonse, ndisanatulutse n'komwe makina pakhonde, ngati mlongo wanga waimba foni. Kenako anayamba kufunsa Lamulungu lokha. Kenako anangoti zii, n'kumasesa pabwalo posesedwa kale. Ine zinthu zachetechete sindizitha. Ndinawauza kuti utelala wa pa Kawale wafa ndi kaunjika, zomwe zinali zoona, ndipo ndikupita kukasoka makatani kwa eni ndalama. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndikakamuona mwana wawo ndisakamukalipire. Pakamwa panga amapadziwa.

Mada ndi mlongo wanga wamng'ono, chitsirizira m'nyumba mwathu. Anapita ku Kepitawuni ndi laisensi yatsopano m'thumba, ati akukayendetsa galimoto zonyamula katundu. Miyezi yoyamba ankatumiza zithunzi atatsamira galimoto za eni, tindalama tikubwera pang'onopang'ono. Kenako zithunzi zinatha, ndalama zinachuluka modabwitsa, mawu ake n'kusowa. Kwathu kuno zoterezi timadziwa kumene zimathera. Taona maliro angati akuchokera ku Joni m'kangolo kokokedwa ndi galimoto, bokosi pansi, mafiriji ndi matiresi a anthu pamwamba? Ine ndinkafuna Mada abwere atakhala pampando wa basi.

Ntchito ndinaipeza ku Kepitawuni komweko, ya makatani yomweyo, kwa mayi wina wolankhula mofulumira ngati wailesi. Ndinachita lendi kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya Mama Nomsa, mzimayi wamkulu thupi ndi mtima womwe, m'dera la mchenga wokhawokha kumene mphepo imakulowetsa dothi mpaka m'mano. Kusungulumwa kwa kumeneko sindibisa, kunandiliza. Lamulungu masana ndinkatsegula mauthenga a mawu ochokera kwa amayi n'kumawabwerezabwereza kuti ndimve tambala wa aneba ndi ogulitsa makala akukuwa kumbuyo kwawo. Mwezi ukatha malipiro ndinkawagawa patatu: lendi, kwathu, ndi zotsala, zimene sizinkatsala.

Mfuti kumeneko zinkalira dzuwa likuswa mtengo, ngakhale mitengo yake kunalibe. Tsiku loyamba ndinayesa makombola a Khirisimasi, ndinatuluka kuti ndikaonerere, Mama Nomsa n'kundikoka chitenje mpaka ndinagwa chagada m'khitchini. Ana a kumeneko amaphunzira kugona pansi asanaphunzire kulemba dzina. Anyamata a misewu iwiri yoyandikana ankaphana, ndipo ukafunsa chimene chinayambitsa, mbali iliyonse inkatchula maliro ake. Mpaka lero ndikamasoka pakhonde pano, njinga yamoto ikaphulitsa utsi ndimaponya sizasi pansi, makasitomala n'kumafa nazo kuseka.

Amene anandilondolera kwa Mada ndi Che Jafali, bambo wowotcherera zitsulo amene anakulira pa Biwi koma ku Kepitawuni anali atakhalitsa. Ndinamupeza mlongo wanga akupukuta galimoto yakuda magalasi, atawonda, maso ali yuu ngati munthu wosagona. Anali dalaivala wa anyamata a mfuti a msewu wakumtunda. Anati iye sawombera, amangoyendetsa. Malangizo a amayi ndinawaiwala pomwepo. Ndinamukalipira mpaka anthu anatuluka m'nyumba kudzaona chilankhulo chachilendo chimene chikutukwana bwino chonchi. Iye anangomvetsera, ndipo nditatopa anayankha motsitsa mawu.

"Asisi, kuno munthu salowa n'kutsika ngati mu minibasi. Ndikangoti ndasiya, mudzanditumiza kwa amayi m'bokosi."

Ndinabwerera kukachipinda kanga. Madzulo amenewo ndinatumizira amayi uthenga woti ndamuona, ali moyo. Zina zonse ndinazimeza.

Zinthu zinatembenuka ndi maliro a Lunga, mwana wa Mama Nomsa. Ankapita kukagula buledi, chipolopolo chosochera n'kumupeza panjira. M'mawa mwake ine ndi amayi awiri a kwathu, wina wa ku Chinsapo wina wa ku Mgona, sitinachite kupangana n'komwe. Tinamanga zitenje, tinayenda mpaka kunjanji kumene kunali titchire, tinathyola nthambi zamasamba n'kudzaziyala modutsa msewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya maliro. Kwathu pakagwa zovuta timatero. Wagalimoto akaona masamba amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi, wanjinga amatsika n'kumaikankha, abambo amavula zipewa. Sitinaganizeko kuti kwa eni mwambo umenewu kulibe.

Kumeneko munthu akatseka msewu ndiye kuti kwayamba zionetsero. Tisanamalize n'komwe kuyala, bambo wina anatulukira akugubuduza tayala loti tiotche, mayi wina n'kumatifunsa ngati tikudandaula za madzi kapena za magetsi. Woyendetsa takisi anaimba hutala mpaka makutu kuwawa. Che Jafali ndi amene anatipulumutsa. Anaima pakati pa msewu n'kufotokoza m'chilankhulo cha eni, chothyokathyoka koma chomveka, kuti masambawo akunena kuti pano pagona munthu, odutsa adutse mwaulemu. Wa takisi uja anatiyang'ana, anayang'ana nyumba ya Mama Nomsa, anazimitsa nyimbo, n'kudutsa pang'onopang'ono chipewa chili pamwendo. Anzake obwera m'mbuyo anachita chimodzimodzi. Pofika masana msewu wonse unali phee, kukumveka nyimbo za amayi zokha.

Koma aliyense anali ndi mantha amodzi. Anyamata a mfuti ankakonda kubwera pamaliro kudzawombera m'mwamba, kuonetsa kuti dera ndi lawo, ndipo a mbali ina akamva ankayankha. Maliro amodzi ankabala ena. Dzuwa litapendeka tinamva nyimbo zaphokoso, galimoto yakuda ija n'kutulukira pakona ili paliwiro. Amayi ena anayamba kale kukokera ana pansi. Itafika pamasamba paja inaima mwadzidzidzi, matayala kulira. Nyimbo zinazima. Chitseko cha dalaivala chinatseguka, Mada n'kutsika, kapusi ili m'manja, mutu ataweramitsa.

Pambuyo pake anandiuza kuti sanaganize chilichonse, phazi linaponda lokha buleki. Mwana wokulira pa Kawale sangadutse pamasamba a maliro akuliza wailesi, ngakhale atanyamula ndani. M'galimotomo anzake ankamukuwira kuti abwerere. Pamenepo Mama Nomsa anatuluka m'nyumba ya siwa, opanda nsapato, nayenda mpaka pagalimoto. Anasuzumira pawindo n'kuyamba kuwatchula anyamatawo mayina mmodzimmodzi, wina mpaka anamukumbutsa kuti anamusinthapo matewera.

"Mwana wanga wagona m'nyumbamo," anatero. "Amene akufuna kumuona alowe ngati munthu. Chitsulo asiye m'galimoto."

Awiri anatsika manja ali lende n'kukalowa m'nyumba. Mkulu wawo anasamukira pachiwongolero, anabweza galimoto chambuyo, osaponda tsamba ndi limodzi lomwe, n'kumapita. Mada anatsala ataima pamsewu. Ndinamukoka n'kumusenzetsa mipando, poti munthu wonyamula mipando pamaliro palibe amamufunsa mafunso. Tsiku limenelo sipanalire mfuti, ndipo Lunga tinakamuika mwamtendere.

Titaika maliro, anthu a mumsewu uja anayamba kukumana m'galaja ya Che Jafali. Munkabwera abusa, shehe, oyendetsa matakisi, aphunzitsi, wapolisi wina wamkazi wokhala chapafupi, ndi madala awiri amene anakhalitsa kundende, omwe anyamata a mfuti ankawamvera kuposa makolo awo. Musaganize kuti inali misonkhano yokoma. Ankakangana mpaka kutuluka thukuta, a takisi kunena apolisi, apolisi kunena makolo, ine kumangolowerera ngakhale theka la mawu sindinkalimva. Komabe zinatuluka zogwirika. Amayi tinayamba kuperekeza ana kusukulu pagulu. Wina akawomberedwa, madala aja ankathamangira kwa abale ake mkwiyo usanapse, kukakhala nawo mpaka maganizo obwezera atazizira. Mmisiri aliyense anatenga mnyamata mmodzi woti amuphunzitse ntchito. Ndipo pakagwa maliro kulikonse m'deralo, eni ake okha ankapita kunjanji kukathyola masamba.

Mfuti sizinatheretu, ndinganame. Koma panayamba kumadutsa masabata tisanazimve. Loweruka lina ana anatulutsa mpira n'kuyamba kusewera pamsewu, amayi tinatulutsa mipando panja, wina anabweretsa ng'oma ya kutchalitchi. Ine ndi anzanga a ku Chinsapo ndi Mgona tinawaphunzitsa chimtali. Mama Nomsa, amene anali asanasekepo chimwalirire mwana wake, analowa m'bwalo n'kudula chiuno moti tonse aphunzitsi tinachita manyazi. Ndinasangalala tsiku limenelo kuposa masiku onse amene ndinakhala kunja.

Za Mada anakazikamba ndi madala a kundende aja. Anapita kwa mkulu wa anyamata kangapo, ndipo yankho linabwera loti amusiya, koma nkhope yake asaionenso mumzindamo. Sitinadikire kuti asinthe maganizo. Ndinatsanzika kuntchito, Mama Nomsa anatiphikira nkhuku ya paulendo, tinakwera basi. Mada anagona njira yonse, mutu uli paphewa langa, kulemera ngati thumba la simenti, koma sindinamusunthe. Titadutsa pa Dedza n'kuona amayi atayala mbatata ndi kabichi m'mbali mwa msewu, ndinayamba kuseka ndekha. Pa Kawale amayi anaimba nthungululu mpaka mawu anasasa. Anamugwiragwira Mada mikono, anamuzungulira, n'kugamula kuti ku Joni kulibe chakudya.

Chimwemwe chinalipo, koma ine tulo sindinkaliona bwino. Nakonso kwathu zinali zitasintha. Tili kunja, achifwamba a mfuti anawombera wogulitsa mayunitsi pafupi ndi msika, ndipo anthu ankaloza zala obwera ku Joni. Ndimawadziwa anthu a kwathu. Ndi okoma mtima, koma akakwiya ndi wakuba safunsa zambiri, amafunsa kumene kuli petulo. Mbiri ya Mada ikanangomveka molakwika, ndikanamupulumutsa ku Kepitawuni n'kudzamutaya pakhomo pa amayi ake. Ndinamuletsa kuyendayenda. Mumtima ndinakonza mawu ambirimbiri oti ndidzawaphunzitse anthu a pa Kawale mmene anzathu akunja amagwirira ntchito limodzi.

Loweruka m'mawa ndikutulutsa makina, ndinaona gulu likukhotera kwathu. Patsogolo panali a Phiri, wapampando wa achitetezo a m'dera lathu, pambuyo pawo shehe wa pamzikiti wapafupi, amayi awiri a kutchalitchi, wapolisi wa yunifolomu, ndi bambo wokhoma zidebe kumsika. Amayi anayala mphasa mosatekeseka, moni anayenda mmodzimmodzi mpaka kufunsana za ana ndi chimfine, Mada atakhala pakhonde ngati woyembekeza chigamulo. Moni atangotha ndinalumphira nkhani yanga ija, ya abusa ndi a takisi ndi galaja.

A Phiri anandilola kuti ndithamange pang'ono, kenako anakweza dzanja akumwetulira. Anati zimenezo n'zabwino, koma iwo anayamba kale kukumana chiwomberedwere mnyamata wa mayunitsi uja, ndipo amene ndikuwaonawa ndi omwewo. Za Mada ankazidziwa zonse. Wina anajambula pafoni tsiku la maliro a Lunga, kanemayo anayenda mpaka anafika pa Kawale ife tisanagule n'komwe matikiti. Amayi anga ataonera kanemayo sanandiuze kanthu. Anavala chitenje chawo chabwino n'kupita okha kwa a Phiri, kwa shehe ndi kupolisi, kukanena kuti dalaivala wa achifwamba ameneyo ndi mwana wawo, akubwera, ndipo anthu amve kwa iwo osati kumsika. Ndinatembenuka kuwayang'ana. Iwo anali kalikiliki kuchotsa ulusi pa chitenje ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

"Sitinabwere kudzaweruza mlandu, mayi," anatero a Phiri kwa amayi anga. "Kuseri kwa msika kuli anyamata amene akuganiza kuti mfuti ndi ntchito. Ife madala tikalankhula amangotiseka, amati sitinaone dziko. Tabwera kudzabwereka mwana wanu."

Mada anayankha ali chowerama kuti iye satha kulankhula pagulu. Shehe anamuuza kuti alaliki ali nawo kale okwanira, chimene akusowa ndi munthu woti akakhale pabenchi ndi anyamatawo n'kuwauza mmene iye ankagonera ku Joni. Wokhoma zidebe anawonjeza kuti masana ali ndi malo a munthu mmodzi pa shedi yake, bola asaope phokoso. Onse anaseka, ndi wapolisi yemwe. Ine mawu anga onse aja anathera m'kamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga kukhala chete kunandikomera. Ndinapita kutali kukaphunzira zimene amayi anga ankachita ndi chitenje chimodzi ndi miyendo yawo.

Maso onse anali pa amayi. Anamasula mfundo ya pachitenje, anatulutsa kandalama kopindapinda n'kumupatsa Mada.

"Mutengeni, abambo. Koma iwe, pobwera udzere pamsika ugule tomato ndi anyezi. Usachedwe, ndiwo zili pamoto."

Anatuluka pageti ali pakati pawo, shehe akumufunsa ngati n'zoona kuti ku Kepitawuni nyanja yake ndi yozizira. Ndinakhala pamakina, koma ulusi unkakana kulowa pasingano chifukwa maso anali odzaza misozi, kwinaku ndikuseka. Dzuwa lisanafike pamutu Mada anatulukira, jumbo ili m'manja, akudandaula kuti tomato wa pa Kawale wakwera mtengo.