Timawashala pa lichero la apongozi

Osvaldo anabadwira kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kutsidya kwa malire, koma ntchito anakaiphunzira ku Malawi. Nkhondo itafika kwawo anathawa ali mnyamata, nakakhala ku Ntaja kwa mkulu wina wokonza njinga. Mtendere utabwera anabwerera ndi thumba la masipanala ndi pampu imodzi. Makolo ake anali atamwalira, munda wawo ena atalimamo kale. Anakwatira Natália wa kufupi ndi nyanja ya Amaramba, nakhala komweko kwa mkazi, chikamwini.

Kulima sankakutha. Mizere yake ya chinangwa inkakhota, akuchikazi n'kumaseka. Chimene chinamusunga pamudzipo ndi manja ake. Onse onyamula nsomba pa njinga ankaima pansi pa mango wake, kenako kunabwera mamota, nawonso anawaphunzira. Anthu ankamutcha a Mestre, kutanthauza mmisiri wamkulu. Mkamwini wopanda munda, kumuchotsera dzina limenelo satsala ndi kanthu, ndipo Osvaldo ankazidziwa bwino.

Ndi apongozi ake, mayi a Natália, anali asanalankhulanepo maso ndi maso. Akakumana panjira, iye ankapatukira m'tchire mpaka adutse. Mawu onse ankadzera mwa Natália. M'makomo ena zoterezi zimatha msanga: mkamwini amapereka nkhuku, n'kuyamba kulonjerana. Osvaldo nkhukuyo ankaiganizira chaka ndi chaka, osaipereka. Ana anabadwa, anakula, ena anakwatiwa, iye akupatukabe.

Mlamu wake Alexandre anagula motokwatulo, mota ya matayala anayi, kwa munthu wina wa ku Cuamba. Inali yakale, yopanda nyale, koma m'matope a dzinja inkadutsa pamene shapa, minibasi ya kumeneko, imabwerera. Ankanyamulira nsomba kupita nazo ku Insaca. Kumbuyo kwake kuli shoko imodzi yokha, yaikulu, pakatikati: chitsulo chokutidwa ndi sipuling'i chimene chimameza mabampu. Shokoyo inayamba kutaya oyilo, mota n'kumangowerama kumbuyo ngati galu wothyoka msana.

Alexandre anaikankhira pansi pa mango.

"Alamu, iyi muitha?"

"Isiyeni pamenepo."

"Lachinayi madokotala a maso akubwera ku Insaca. Amayi ndikufuna ndiwatengere pamenepa. Ng'ala ija yawatseka maso onse awiri, mukudziwa."

"Ndamva. Isiyeni."

Shoko yotere Osvaldo anali asanaitsegulepo. Za mamota wamba zikafa amangotaya. Koma sananene. Anaimasula, naitsuka ndi parafini, naikhazika pakhonde. Sipuling'i anaipanikiza ndi zingwe za labala ndi mtengo mpaka inachoka. Anatulutsa mpweya pa valavu, nakhuthulira oyilo m'chitini. Anali wakuda, wonunkha ngati nsomba yowola. Labala wotsekera oyilo anali atang'ambika. Pamenepo ndiye panali vuto, ndipo wofanana naye anali naye m'thumba.

Kuti afike pa labalayo anayenera kuchotsa pisitoni, kachitsulo kozungulira ka timabowo kamene kamayenda m'kati mwa oyilo. Pamwamba pake ndi pansi pake panali timawashala topyapyala ngati mamba a nsomba, tosanjikizana kuyambira tatikulu mpaka tating'ono. Timeneto ndi timene timatsegulira oyilo njira: gulu lina shoko ikamaphwatika, gulu lina ikamabwerera. Osvaldo anaona kuti apa pakufunika dongosolo. Anayang'ana poika, naona lichero litatsamira khoma. Anayala timawashala ta pamwamba mzere wa kukhoma, ta pansi mzere wa kubwalo. Kenako anakwera njinga kupita kwa Rahimu, wa sitolo ya kunyanja, kukafuna oyilo wopepuka.

Pobwera anapeza lichero palibe. Pamsomali wa pakhonde panali patapachikidwa ulusi wa ukonde, timawashala tonse titatungidwa ngati usipa. Kumapeto kumodzi kunali kamtengo kotchingira, pakati panali mfundo yolekanitsa magulu awiri.

"Natália! Lichero lija lili kuti?"

"Ndi la amayi. Amafuna kupeta mpunga. Akuti musamaike zitsulo zonunkha pa chinthu cha chakudya."

"Nanga izi?"

"Atunga okha, mopapasa. Akuti sanasokoneze, atola chimodzichimodzi monga anazipezera. Kaya mukufuna ndikawafunse china?"

Zinali zoona, sanasokoneze. Gulu lililonse linali m'dongosolo lake. Koma anayamba ndi mzere uti, wa kukhoma kapena wa kubwalo? Magulu awiriwo ankafanana, kungoti lina linali lolimbirapo pang'ono. Shoko ina yoti aonerepo kunalibe m'dera lonselo.

Funso linali limodzi, lalifupi. Koma Osvaldo anaona njira imene likanayenda: kuchoka kwa iye kupita kwa Natália, kwa Natália kupita kwa amayi ake, kuchoka pamenepo mpaka kumjigo. A Mestre akufunsa nkhalamba yosaona mmene chitsulo chimakhalira.

"Zili bwino," anatero. "Palibe chofunsa."

Anaganiza ngati wokonza njinga za nsomba: cholimba ndicho chimanyamula katundu. Gulu lolimbalo analiika mbali yophwatikira, lofewalo mbali yobwerera. Anaika labala watsopano, nathira oyilo pang'onopang'ono, kukankha ndi kukoka mpaka thovu linatha. Anatseka, napopa mpweya ndi pampu yake ya ku Malawi ija, nabwezera sipuling'i. Oyilo sanadonthe ngakhale pang'ono.

Lachitatu masana anaiyesa yekha. Pabwalo inayenda bwino. Anailowetsa m'mphepete mwa munda, nadutsa mzere umodzi. Kumbuyo kunagunda ngati thabwa, kenako kunamuponya m'mwamba, mano n'kuluma lilime. Anaima, nalavula magazi. Anadziwa kuti magulu aja wawasinthanitsa.

Nthawi inalipo yoti atsegulenso. Koma Alexandre anali atafika kale, ndi anzake awiri. Alexandre anakanikiza mota kumbuyo ndi manja onse, koma sinatsike.

"Eee! Yalimba ngati yatsopano! Ndinakuuzani, alamu angawa ku Cuamba kulibe wofanana nawo."

"A Mestre ndi a Mestre," anavomera mmodzi wa anzakewo.

Osvaldo anapukuta manja pa kansanza. "Muziyenda pang'onopang'ono," anangotero.

"Ndi amayi kumbuyo ndingathamange?"

Lachinayi m'mawa apongozi anavala chitenje chatsopano ndi duku loyera. Natália anawayalira bulangete kumbuyo kwa mota, nawakweza, nawagwiritsa m'chiuno mwa Alexandre. Osvaldo anaima kuseri kwa nkhokwe monga mwa nthawi zonse. Mota itachoka anayesa kugwira ntchito ina, sipanala n'kumagwa m'manja. Anatenga njinga nawatsatira chapatali.

Pafupi ndi mjigo msewu umatsikira m'dambo. Pamenepo thirakitala inasiya mikwasa yakuya, m'mbali mouma gwa, pakati matope. Alexandre anachepetsadi liwiro. Matayala a kutsogolo anadutsa. A kumbuyo atagunda, mota inadumpha ngati bulu wolumidwa ndi mavu. Apongozi anachoka pa bulangete, nagwera chagada m'matope. Alexandre, pogwira zogwirira kuti nayenso asagwe, anakanikiza moto, mota n'kukaima patali m'bango.

Woyamba kufika anali Osvaldo. Chitenje chinali chitamasuka, duku lili poteropo. Amayi a pamjigo anali atasiya zidebe akuthamangira komweko, koma anali patali. Munthu amene zaka zonsezi ankamupatukira m'tchire anali chigonere m'matope, akupapasa. Osvaldo anatseka maso, nawagwira m'khwapa, nawadzutsa.

"Ndani wandigwirayu?"

Osvaldo anangowagwirabe kuti asagwenso.

"Ndati ndani?" Ananunkhiza. Fungo la oyilo ndi parafini. Apongozi anakoka nsonga ya chitenje chamatopecho kuphimba nkhope.

Amayi aja anafika, nawatenga m'manja mwake, nawazungulira kuti awamange chitenje. Osvaldo anatembenuka kuyang'ana bango. Ataona kuti nkhalambayo ikuima yokha, mayi wina anamasuka pakamwa.

"A Mestre, kodi munakonza mota kapena ndege?"

"Gogo akanakafika ku Insaca osadutsa pamsewu!"

Anaseka, ena akubisa pakamwa. Dzanja la apongozi linali litayamba kutupa pamfundo. Kukweranso motayo anakana. Anabwerera kumudzi wapansi, atagwiridwa mbali zonse. Madokotala a maso anagwira ntchito yawo ku Insaca napita. Anati adzabweranso anthu akakolola.

Alexandre anabweza motayo pansi pa mango, naima osakhala pansi.

"Alamu, munadziwa?"

"Ndinadziwa."

"Ndiye n'kundisiya ndikweze amayi?"

Alexandre anadikira pang'ono, nachoka osatsanzika.

Masiku otsatirawo pansi pa mango panali zii. Onyamula nsomba ankadutsa akukankha njinga zophwa kupita kwa wokonza wina wa kutsidya. Natália ankaika chakudya osalankhula. Azichimwene ake anakhala pansi kawiri konse kwa amayi awo, Osvaldo osaitanidwa, ndipo sanafunike kuuzidwa kuti akukambirana za ndani.

Yankho la funso lija tsopano ankalidziwa. Matope anali atamuuza. Akanangotsegula shoko n'kusinthanitsa magulu aja. Koma m'mawa wina anagwira tambala wake wofiira, nauza Natália kuti atsogole. Pakhomo pa apongozi anakhala pansi kunja kwa mpanda, atafulatira, tambala ali pamiyendo. Natália anaima pakati.

"Uwafunse amayi," anatero, "potunga timawashala tija anayamba ndi mzere uti."

Natália anatsegula pakamwa kuti abwereze, koma apongozi anamudula.

"Iwe Natália, choka pakatipo, ukungotalikitsa nkhani. Ndamva ndekha, chofa ndi maso, osati makutu. Munthu anandinyamula kale m'khwapa pamaso pa mudzi wonse, chatsala n'chiyani chobisirana? Tembenukani, bambo."

Osvaldo anatembenuka. Dzanja lawo linali lomangidwa ndi timitengo.

"Ndinayamba ndi wa kukhoma. Ndicho chokhacho?"

"Ndicho chokhacho, amayi."

"Mukanafunsa tsiku lomwelo ndikanakuuzani. Nkhukuyo ndi yanga?"

"Ndi yanu."

"Yachedwa. Natália, ilandire. Ndipo ukawauze achimwene ako asiye misonkhano pakhomo panga, akundithera mpunga."

Tsiku lomwelo anatsegulanso shoko, nabwezera gulu lililonse pamalo pake. Anaiyesa pamikwasa yomwe ija, amayi a pamjigo akuonerera. Inameza bampu n'kubwerera mofatsa. Palibe anaombera m'manja. Alexandre anadzaitenga, ndipo mpaka lero imanyamula nsomba. Apongozi sanaikwerenso.

Madokotala atabweranso, apongozi anati apita pa njinga ya mkamwini wawo. Osvaldo anawamangira pilo pakaliyala, napalasa mpaka ku Insaca, pamabampu akutsika n'kukankha. Njira yonse ankamuuza za mizere yake yokhota. Diso limodzi linatheka, linalo ayi. Atawamasula nsalu, anamuyang'ana kwa nthawi yaitali, pafupi, koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Mwakalamba," anatero.

Njinga zinabwerera pansi pa mango, koma osati zonse. Zitsulo zing'onozing'ono Osvaldo tsopano amazitunga pa waya akamamasula, ndipo lichero sakhudza. Ena amamutchabe a Mestre. Onyamula nsomba achinyamata amamutcha a Ndege. Amayankha onse awiri, koma la chiwirilo amayankha osadzutsa mutu.