Mbatatesi Zathu Chitagwa Chisanu

Chisanu cha Julaye chaka chimenecho chinagwa ngati wina wachituma. Popita kudimba m'mawa udzu unali mbuu, ukulira kumapazi, ndipo dzuwa litakwera masamba a mbatatesi zathu anada bii n'kugwetsa makosi. Tomato wa anzathu kumunsi kwa dambo ndiye osanena.

Ine ntchito yanga ndi yogula n'kugulitsa. Ndazungulira madimba a kuno ku Mphunzi zaka zambiri, kunyoza kabichi wabwinobwino pamaso pa mwini wake mpaka atsitse mtengo. Dimba ndi la akazi anga, ndipo mbatatesi zimenezo ndi zomwe tinkadalira kuti tipeze feteleza wa dzinja.

Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, anatulukira venda wa ku Linthipe. Njinga yamoto anaimika poteropo, chipewa n'kugwira kumanja ngati wafika pamaliro.

"Pepani bambo, zatheka basi. Koma kuti musangotaya, ndigule dimba lonse momwe lililimu."

Analunjika mzere wa kumphepete, komwe madzi safika bwino, n'kuzula phando limodzi. Tinatuluka timbatatesi tonga mazira a njiwa. Anapukusa mutu, n'kuusa moyo. Kuusa moyoko n'kwanga, ndinakuzindikira, mzere wa kumphepetewonso ndi womwe ndimathamangira ine. Chamanyazi n'chakuti mankhwala anga omwe anayamba kundigwira. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Onjezaniko pang'ono, achimwene."

Akazi anga anangonyamuka. Analowa pakati penipeni pa dimba, kufukula ndi manja, n'kutulutsa mbatatesi yonga chibakera. Ina. Inanso. Anadzaziunjika pamapazi panga.

"Bambo ake, kodi chisanu chimakumba pansi?"

Apo nzeru zinabwerera. Ndinatola imodzi, kuipukuta pamalaya mosafulumira, n'kumugwiritsa venda uja kuti amve kulemera.

"Achimwene, mzere mwazulawo inenso ndimayambira womwewo."

Anaseka, n'kuvala chipewa chake. "Kodi ndinu a ntchito yomweyi?"

"Ndinayamba inu musanamere ndevu."

"Komabe khungu n'losakhwima. Zisupuka m'thumba izi."

"Zikhwimira pansi pomwepo. Mudzabwere pakatha masabata awiri, kaya mudzazipeza."

Masabata awiriwo ndinali wolimba mtima pakamwa pokha. Tsiku lililonse ndinkapita kukafukula phando mobisa, kuopa kuti zikuola, mpaka akazi anga anandiletsa, ati nditha dimba ndi mantha.

Tinakumba Loweruka. M'madimba omwe anabzala mochedwa munalibe chokumba, choncho mavenda anabwera atatu, wa ku Linthipe uja ali pomwepo. Ndinakhala pathumba, mwendo pa unzake, n'kuwasiya apikisane okha. Wina anayesa kuusa moyo, anzake n'kumuseka. Anatenga wa ku Linthipe yemweyo, pa mtengo wanga, akudandaula kuti ndilibe chisoni.

Madzulo tinasonkhanitsa mapesi akudawo, kutsuka makheni othirira, dimba n'kulisiya lipume. Feteleza tinagula mvula isanagwe, ndipo ndinamukankha ndekha panjinga kudutsa pakati pa mudzi, ngakhale njira yachidule ilipo.

Nkhaniyi ndikamaikamba kumsika ndimayambira pomwe ndinapukuta mbatatesi pamalaya. Akazi anga akakhala pafupi, ndimakamba ina.