Ndinavomera Mafunso Onse a Namwino

Mwana wanga wachiwiri anabadwa mimba isanakwane miyezi isanu ndi iwiri. Matenda anandiyamba ndili m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana. Anabadwa kakang'ono zedi, ndipo ndinakhala naye m'chipatala masabata ambiri nditam'mangirira pachifuwa. Potitulutsa anandiuza kuti ndizibwera naye, poti ana obadwa masiku osakwana amafunika kuwayang'anitsitsa. Ndinkapita, koma ulendo uliwonse mtima unkakhala m'mwamba kuopa kuti amupeza ndi china.

Kunyumba za kampani kumene tinkakhala, amayi anzanga ankamutama. "Koma mwana wofatsa uyu! Salira, savuta. Mwachita mwayi anzathu." Ine ndinkanyada nazo. Mwanayo ankatha kukhala pamkeka m'mawa wonse akuzungulitsa chivundikiro cha poto.

Mwanayo atakwanitsa zaka ziwiri, namwino wa kuchipatala kuja anatulutsa pepala la mafunso. Anati akufuna aone ngati mwanayo ali ndi otizimu, vuto lochititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu, ndipo anati akalidziwa msanga thandizo limakhalapo.

"Mukamuitana dzina amacheuka?"

"Eya."

"Amaloza chinthu ndi chala kuti inu muone?"

"Eya."

"Amakuyang'anani m'maso?"

"Kwambiri."

Ife tinakula tikudziwa kuti wovala yunifomu sayankhidwa kuti ayi. Komanso fungo la chipatala linali litandikwana. Namwino anamwetulira, nati zonse zili bwino.

Pobwerera, ndinayamba kumuitana mwanayo tili m'minibasi pa Chitakale. Iye maso anali pa kachingwe kolendewera pagalasi. Kunyumba ndinkamuitana ndikutsuka mbale, ndikuchapa, ndikusesa, sabata yathunthu. Tsiku lina ndinagwetsa dala supuni kumbuyo kwake, ndipo anacheuka nthawi yomweyo. Makutu analibe vuto. Ndinatchulanso dzina lake, koma ayi ndithu. Ndinapsa mtima, n'kumugwira chibwano kuti andiyang'ane, ndipo analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Ndinadzida kwambiri.

Bambo ake anati, "Achipatala anena kuti ali bwino. Inu mukufuna kumufunira matenda mwanayu?"

Iwo sankadziwa zimene ndinachita kuchipatala kuja.

Lolemba sindinapite kothyola tiyi. Ndinam'bereka n'kubwerera kuchipatala, ndipo pamzere ndinanyamuka kawiri kuti ndizipita. Namwino uja atandiona anadabwa.

"Mwabweranso, mayi? Wadwala kodi?"

"Ayi, anesi. Tulutsaninso pepala lija. Ndinanama."